Beriyoza wa pazenera la Tasya

6 Epulo
Chipale chofewa chikusungunuka, matope mpaka m'mawondo. Mtengo wa beriyoza, wa khungwa loyera uja, wapendekekera denga la chipinda chogona mwana wanga Tasya. Ndawaonetsa apongozi. Iwo: "Yegor, wawerama chifukwa ukuganiza." Mtengo kuganiza! Uphunzitsi wa ndakatulo unawadzaza masamba m'mutu. Koma nyumba ndi yawo. Ine mkamwini chabe.

8 Epulo
Apongozi amutulutsanso mwana pamphepo kukalakatulira mtengowo. Zomwezomwezo: namwali wovala zoyera, masamba oyoyoka ngati masiku a munthu, mtsinje wosabwerera. Alakatuli athu onse kulira kokhakokha, ngati kunalibe ntchito nthawi yawo. Mwana wa zaka zinayi, wachibwibwi, kunena "madzi" kokha amatuluka thukuta, ndiye azimuphunzitsa za imfa? Pachakudya wandiyang'ana: "Ababa, inunso mudzayoyoka?" Supuni inandipulumuka. Amake, Alyona, kukondwa: "Mwamva? Sanadodome!" Ndamva. Funsolo ndalimvanso.

11 Epulo
Chimphepo. Nthambi kukwecha malata mpaka kucha. Mwana tam'goneka pakati pathu, ine tulo ayi. M'mawa ndawauza apongozi: Raisa Pavlovna, mtengowu ndiudula. Iwo: "Anthu onga iwe mukaona nkhalango mumangoona nkhuni." Eya, nkhuni zomwezo n'zimene mumaotha powerenga mabuku anuwo. Sindinawayankhe choncho. Ndayankha pano.

15 Epulo
Apongozi apita kutauni kukapimitsa maso, Alyona ndi mwana awaperekeza. Ndabwereka macheka a injini kwa mnansi wathu Timur. Kantchito kochepa. Mtengo wagwera kumunda wa mbatatesi, komwe ndimafuna. Mkati mwake moyera, chowola palibe. Komabe kupendekeka unapendekeka, zimenezo palibe angakane.

16 Epulo
Apongozi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti: "Mu Epulo! Ngakhale chidakwa chimadziwa kuti beriyoza sadula madzi akukwera." Chitsa chikungotuluka madzi, kuyenderera mpaka pakhomo. Tasya anaima pomwepo nthawi yaitali. Kenako anakatenga kampango kake n'kumachipukuta. Palibe anamuuza kuti chikulira. Sikunafunike, anamudyetsa kale zimenezo.

20 Epulo
Pachitsa ndapaka dothi, ndapaka penti. Chikudonthabe, thovu lake lafiira tsopano. Timur akuti zimatero, zidzasiya zokha. Liti?
Tasya akulankhula ndi amake, agogo ake, ngakhale ndi galu. Ine ayi. Ndikalowa, pakamwa tseke. Chibwibwi chabwerera, choposa kale. Ndam'gulira chokoleti, wakachiika pachitsa. Apongozi pondipatsa tiyi: "Shuga ndithire, kapena nayenso wapendekeka?"
Ndimateteza mutu wa mwana wanga. Wanga, osati wa alakatuli akufa aja.

23 Epulo
Alyona akuti agogo amayamba mzere wa ndakatulo, mwana n'kumaliza, ndiye lilime limamasuka. "Yesani inunso." Ine? Sukulu ndinaisiya chifukwa cha zoloweza zomwezi. Ndam'tsekera chitseko.

24 Epulo
Buku la ndakatulo la apongozi ndalitengera m'galaja, asandione. Tsamba lonse kunena zoti mtengo uli mbee ndipo munthu adzafa. Ndani sadziwa? Mizere inayi yanditengera tsiku lathunthu. Kumasula injini n'kosavuta.

26 Epulo
Tasya ndam'peza pachitsa ndi kampango kake. Ndagwada m'matope, ndayamba mzere woyamba, mawu ngati thirakitala yokana kulira. Zii. Wachiwiri ndasokoneza, mtsinje ndauika pamene panayenera masamba. Apongozi pazenera, manja pachifuwa, ndikudziwa amasangalala.
Tasya sanandiyang'ane. Maso pachitsa. Kenako: "A-a-ababa, si choncho."
Mawu atatu. Kwa ine.
Ndakatulo n'zopusabe. Mawa ndilakwitsanso.