Jekete lofiirira lija

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Ulongwe tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe chifukwa cha kuzizira.

A Benado aja, pulofesolo mnzanga amene timaphunzitsa limodzi, anakandinenera kwa adiretori, akulu a sukulu yathu, kuti ndikutayitsa ana nthawi ndi sewero la Chingerezi chakalekale, choti ngakhale eniake anasiya kulankhula. Pamsonkhano wa aphunzitsi anachita kunena kuti, "Chingerezi chotola kothawa nkhondo ku Dedza chingathandize ndani?" Mawu amenewo sindinawaiwale.

Kunena zoona, ana ankavutikadi. M'seweromo muli nduna ina imene imasekerera mnzake pamaso, kenako n'kukamudyera miseche kwa mfumu. Mawu ake ndi okuluwika, ndipo ana ankangowerenga ngati pemphero la Chilatini. Ndinawamasulira mzere ndi mzere, ndiye ndinati, "Pezani munthu wamoyo amene amalankhula chonchi, mumutsanzire."

M'mawa mwake mtsikana wina, Tereza, anaimirira, manja kumbuyo, n'kuyamba wakhosomola pang'ono monga amachitira a Benado akafuna kunama, kenako n'kunena mawu a nduna ija. Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo mawu ovuta aja aliyense anawamvetsa. Ine sindinatchule dzina la munthu, komanso mwanayo sindinamuletse.

Mwezi wamawa tikachita seweroli pamaso pa makolo, adiretori ali pomwepo. Chonde nditumizireni jekete lanu lofiirira lija kuti Tereza adzavale, likufanana ndi la a Benado. A Benado ndawasungira mpando wakutsogolo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Luziya