Matenda Amene Simunadwale

Woolwich, London
11 Malichi

Okondedwa amayi, apongozi anga,

Ndagwada pansi kukupatsani moni. Muli bwanji ku Bembeke? Maondo aja akukulolani kutsikira kudimba? Ndamva kuti mvula yagwa bwino chaka chino ndipo mbatatesi zabereka. Kuno ine ndi mdzukulu wanu Thandiwe tili bwino m'thupi. Kukadazizira, koma dzuwa layamba kusuzumira.

Kalatayi ndapatsira mnzanga wa kuntchito amene akubwera ku Lilongwe. Ndamuuza kuti aipereke m'manja mwa Fiona, chitsirizira chanu, kuti akuwerengereni iyeyo, osati mlamu wanga Biswick. Chifukwa chake muchimva.

Amayi, khalani pansi bwinobwino. Kodi mukudziwa kuti mwezi wathawu munatsala pang'ono kumwalira?

Tsiku lina Lachitatu, mwana wanu, bambo a Thandiwe, anabwera kuchokera kuntchito nkhope ili yakugwa. Anati Biswick waimba foni kuti inu mwagwa kumunda, mbali imodzi yafa, ndipo mwagonekedwa m'chipatala osatha kulankhula. Anati ayenera kunyamuka Loweruka. Ine ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira ngati ndi mayi anga ondibereka, chifukwa kuyambira tsiku limene ndinalowa m'banja lanu simunandilankhulepo mawu oipa.

Ndinamuimbira Biswick ndekha. Anandiyankha ndi mawu otsika kuti, "Alamu, zinthu sizili bwino, ingopempherani." Nditapempha kuti angoika foni pakhutu panu kuti mumve mawu anga, anati adokotala aletsa.

Lachisanu tinapita ku mapemphero kutchalitchi kwathu ku Tottenham. Abusa anatchula dzina lanu, mpingo wonse unaimirira. Anthu anagwirizana kusala kudya masiku atatu. Pali agogo ena, mayi Sekani, amene ali ndi matenda a shuga. Tinawaletsa, koma anati sangadye mnzawo ali pakati pa moyo ndi imfa. Nyimbo yokupemphererani anayambitsa ndi Winfrida, mtsikana wa ku Lusaka wa mu kwaya yathu, amene wadyapo m'nyumba mwanga kangapo. Anaimba maso ali chitsinzire, misozi ikutsika.

Ine ndinali nditakulukirani juzi yobiriwira, yaubweya wokhuthala, yoti ndidzakupatseni tikadzabwera. Ndinamaliza mkono wotsala m'masiku awiri, n'kuiika m'chikwama cha mwana wanu. Ndinati m'chipatala mumazizira, akakuvekeni.

Lolemba masana ndili kuntchito, ndikusintha bandeji wodwala, foni yanga inalira. Anali mzimayi wolankhula Chingerezi chothyokathyoka. Anafunsa ngati ndine mkazi wa a Overton, n'kunena kuti amuna anga ali m'chipatala chawo, athyoka ntchafu ndi kakolo, ndipo akupita nawo ku opaleshoni. Ndinafunsa kuti ndi chipatala chiti cha ku Dedza. Anati sakudziwa Dedza, iye akuimba kuchokera ku France, kumapiri a Alps.

Ndikufotokozereni za malowo, amayi, kuti mumvetse kumene mwana wanu anakakudwazikirani. Ndi mapiri aatali kuposa Mulanje, ndipo nyengo yozizira amakutidwa ndi sino, chipale chofewa choyera ngati ufa, chofika m'chiuno. Azungu anamangako mahotela ndi malo odyera. Anthu amapitako kutchuthi kukachita masewera otchedwa sikii. Amamanga matabwa awiri aatali kumapazi, amakwera phiri atakhala pa timipando tolendewera pa chingwe, ndiye akafika pamwamba amatsetsereka mpaka pansi. Akafika pansi amakweranso. Tsiku lonse n'zomwezo.

Masewera amenewa m'nyumba mwathu anali atalizapo kale munthu. Chaka chatha sukulu ya Thandiwe inakonza ulendo wopita kumapiri omwewo. Mwanayo anabwera ndi pepala loti makolo asaine, akudumphadumpha. Bambo ake anakana. Anati amenewo ndi masewera a anthu otopa ndi moyo, mwana wa Mmalawi alibe nazo ntchito. Anzake onse anapita. Thandiwe anakhala sabata yathunthu m'chipinda, akuona zithunzi zawo pafoni.

Choncho nditatsitsa foni ija sindinalire. Ndinamaliza kumanga bandeji, ndinasamba m'manja, ndinapempha tchuthi kwa abwana. Sukulu zinali zitatsekera. Ndinafika kunyumba n'kumuuza Thandiwe kuti alongedze zovala zotentha, tikupita kukaona bambo ake.

Lachiwiri tinakwera ndege mpaka Geneva, kenako basi yokwera phiri maola atatu, msewu wokhotakhota kuposa wa Golomoti. Kuchipatala ndinawapeza atagona, mwendo uli ndi zitsulo. Atandiona anatseka maso ngati ali m'tulo. Namwino anandipatsa thumba la katundu wawo: foni, chikwama cha m'thumba, ndi kakhadi kotsegulira chipinda cha hotela. Anandiuzanso mmene zinachitikira. Njira za paphiripo amaziika zizindikiro, yobiriwira ya ophunzira, yakuda ya akatswiri. Mwana wanu anaphunzira tsiku limodzi lokha, m'mawa mwake n'kukwera kunjira yakuda kuti aonetse ukatswiri kwa amene anali naye. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anamutsitsa anthu opulumutsa atamumangirira pa machira otsetsereka.

Ndinamusiya Thandiwe pamalo olandirira alendo kuhotela, ine n'kukwera kuchipinda. Nditatsegula ndinapeza Winfrida atakhala pabedi, akumwa tiyi, akuyang'ana mapiri pawindo. Anali atavala juzi yanu.

Iye anaimirira, kapu n'kugwa. Anati m'Chinyanja chake cha ku Lusaka, "Ba Esnat, nipempako sorry, benze ananiuza ati munasiyana kudala." Ndinamufunsa ngati anthu osiyana amakhala benchi imodzi m'tchalitchi Lachisanu, iye akuimbira apongozi anga nyimbo. Ndinangoti, "Vula." Anavula. Ndinamupatsa mphindi khumi zoti atolere zake, ndipo ndinaima pakhomo mpaka anatuluka akukoka sutikesi. Juzi ija ndinaichapa katatu, koma mtima wanga wakana kukutumizirani chinthu chimene chinakhudza thupi lake. Ndinakaisiya kusitolo yothandiza osauka. Ndayamba kuluka ina.

Tsopano apa ndi pamene muyenera kundimva bwino, chifukwa ena adzakuuzani mokhotetsa.

Chipinda chija chinali chosungitsidwa mpaka Loweruka. Makhadi okwerera timipando tija analipo awiri, a sabata yonse. Mphunzitsi wa sikii analinso atalembedwa kale m'mawa uliwonse, wa anthu awiri. Ndinaitanitsa zofunda zatsopano, ndinatsegula mawindo kuti mpweya usinthe, ndipo ndinamuitana Thandiwe.

Lachitatu m'mawa ine, Esnat, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndinavala nsapato zolemera ngati njerwa ndi chisoti, n'kuima pa matabwa. Ndinagwa kosawerengeka. Ndinagwa chagada, ndinagwa chafufumimba, kamodzi ndinakalowa mu mpanda wa ukonde miyendo ili m'mwamba, tiana ta azungu ta zaka zinayi tikundidutsa ngati mbalame. Mphunzitsi wathu, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, ankangoti ndipinde maondo ndipo ndisayang'ane pansi. Koma mdzukulu wanu! Tsiku lachiwiri anali akukhota yekha. Tsiku lachitatu anatsika njira yaitali kuchokera pamwamba osagwa, n'kudzaima patsogolo panga sino ili fumbi, akuseka mpaka mano onse panja. Chiyambire sekondale sindinamuonepo akuseka choncho.

Madzulo alionse, nthawi yoona odwala, tinkapita kuchipatala tisanavule n'komwe zovala za kuphiri. Ndinkakhala pambali pa bedi, n'kutulutsa foni, n'kuwaonetsa bambo ake mavidiyo a tsikulo, imodziimodzi. Akatembenukira kukhoma ndinkazungulira bedi n'kukawaonetsera mbali inayo. Ndinkawafunsa mwaulemu ngati ululu wachepa, ndinkawakonzera pilo. Za Winfrida sindinatchule ngakhale kamodzi. Inu nokha ndinkakutchulani. Tsiku lililonse ndisanatuluke ndinkafunsa kuti, "Nanga amayi adzuka bwanji lero?"

Tsiku lomaliza, Thandiwe atatuluka, mwana wanu anandigwira dzanja. Anapempha kuti tikafika ku London tikanene kuti anagwa pa njinga ya kabaza pochokera kuchipatala ku Dedza, ndipo inu mwachira. Anati ndiganizire dzina la banja. Ndinangowakonzera pilo n'kutuluka. Iwo anayesa ndavomera.

Titabwerera ndinawasamalira masabata awiri monga ndimasamalirira wodwala aliyense. Ndinkawasambitsa, kuwabaya jakisoni woteteza magazi kuundana, kuwatengera chakudya pabedi. Anayamba kumasuka, mpaka kuimba kamluzu. Lamlungu lachiwiri ndinati mpingo ukufuna kuthokoza Mulungu chifukwa cha kuchira kwa amayi, ndi kupempherera mwendo wawo. Anavala suti yawo yabwino, thalauza titang'amba msoko. Thandiwe ndinamusiya kwa mnzake, chifukwa zimene zinkabwerazo sizinali zoti mwana aone.

Ndinawakankha pa njinga ya odwala mpaka kutsogolo kwa tchalitchi. Abusa anawapatsa maikolofoni. Amayi, mwana wanu amadziwa kulankhula. Anafotokoza mmene anakupezerani muli mwakayakaya, mmene anagwirira dzanja lanu, mmene munatsegulira maso n'kutchula dzina lake. Anthu ankafuula aleluya. Anafika mpaka pa kabaza ndi dzenje la pamsewu.

Atamaliza ndinapempha maikolofoni. Ndinati ndili ndi zithunzi za ulendowo zoti mpingo uone. Pakhoma pamene timawerengapo mawu a nyimbo panaoneka chithunzi chimene ndinachitenga m'foni mwawo: iwo atavala chisoti ndi magalasi aakulu, kumbuyo kuli mapiri oyera, dzanja lili m'chiuno mwa Winfrida, Winfrida ali mu juzi imene azimayi a m'tchalitchimo anandiona ndikuluka. Ndinati, "Abale, iyi ndi Dedza. Awa ndi apongozi anga."

Mpando wa Winfrida mu kwaya unali wopanda munthu, chifukwa chibwerereni sanapondemo. Kenako mayi Sekani anadzuka ndi ndodo yawo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali njinga ija. Anawerama n'kufunsa kuti, "Mwana iwe, mayi ako ali moyo?" Anayankha kuti inde. Anafunsanso ngati munadwalapo n'komwe. Anapukusa mutu. Agogowo anati, "Ine ndinakomoka tsiku lachitatu la kusala, ndinadzukira m'ambulansi." Anatembenuka n'kubwerera pampando pawo.

Ine ndinaika maikolofoni pamiyendo pa mwana wanu, ndinatenga chikwama changa, ndinatuluka. Njinga ndinaisiya pomwepo. Masutikesi awo awiri ndinali nditawatumiza kale pa takisi kwa Winfrida ku Ilford. Ndamva kuti sanatsegule chitseko. Panopa mwana wanu akugona pa sofa kwa mnzawo wina wa kuntchito, m'nyumba ya pamwamba yopanda chikepe, moti chikwerereni sanatsike.

Abusa abwera kawiri kudzandiuza za kukhululuka. Akuti ndinachititsa manyazi nyumba ya Mulungu. Mwina n'zoona. Ndimapemphera kuti ndimve chisoni ndi zimene ndinachita, koma ndikakumbukira nkhope ya mwana wanu chithunzi chija chitaoneka, mumtima mwanga mumazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Ndikuulula kwa inu chifukwa sindikufuna kukunamizani. Mwanamizidwa mokwana.

Chimene chikundipweteka ndi Thandiwe. Sindinamuuze zonse, koma ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anamuona Winfrida akutuluka mu hotela. Bambo ake akaimba foni amangoiyang'ana mpaka itasiya kulira. Dzulo anandifunsa m'Chingerezi chake chija ngati agogo akadali agogo ake. Ndinati mpaka kalekale. Chonde, amayi, musandisandutse wabodza pa mawu amenewo.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, musatumize ankhoswe kudzandinyengerera. Akabwera ndidzawalandira ndi ulemu, ndidzawaphikira, koma banja ili latha. Chibwenzi chokha mwina ndikanapirira, akazi ambiri apirira. Koma munthu wogoneka mayi ake pa bedi la imfa kuti akasewere paphiri ndi mkazi wina, n'kundisiya ine ndikulira maliro a munthu wamoyo, sindingagonenso naye nyumba imodzi.

Chachiwiri, muwaimbire foni bambo a Thandiwe. Ndikudziwa kuti chichokereni kumapiri sanakuimbireni, akuopa mawu anu kuposa mpeni wa dokotala. Fiona ali nayo nambala. Za mwendo musafunse, ukupola bwino, ndinauona ndekha. Za ine musatchule. Akangoyankha, inu mudzangofunsa kuti, "Overton mwana wanga, paja ndinadwala chiyani?" Ndiye mudzakhale chete, mudikire yankho.

Mulungu akusungeni ndi moyo wautali, akupatseni mphamvu m'maondo ndi zokolola zodzaza nkhokwe. Ine ndi Thandiwe tibwera mu Ogasiti, ngati mudzatilandire. Mundiperekere moni kwa Fiona ndi ana ake, kwa amalume a ku Linthipe, ndi kwa amayi a Chigwirizano onse. Biswick musamupatse moni wanga.

Ndine mpongozi wanu, lero ndi mawa,
Esnat, make Thandiwe