Mbande yotsala ya Melvin

Lolemba, 6 Januwale

Bungwe likutipatsa mbande za manachesi. Melvin, mwana wanga, mlembi wa gulu lathu, akuti zonse ndi 7,561. Akuti, "Bambo, inu wapampando mutiuze tipange makalabu angati. Kalabu iliyonse ilandire zofanana, pasatsale kanthu. Abungwe atero." Msonkhano Lachiwiri la sabata yamawa. Ndaseka. Ndagawapo feteleza, nyama ya pamaliro, minda. Kuno kwa Kanduku palibe anadandaulapo kuti Zakeyu wamubera. Sukulu sindinapondeko, kulembaku ndinaphunzira pa matumba.

Lachitatu, 8

Mvula. Ndayala mkeka: nyemba imodzi mbande zana, chimanga chimodzi mbande imodzi. Milu iwiri, yatsala imodzi. Itatu, imodzi. Inayi, isanu, chimodzimodzi. Mayi a Melvin akuti ndikutha mbewu yawo. Nkhuku yadya mazana awiri, ndayambanso.

Lachisanu, 10

Mpaka milu khumi, imodzi yomweyo ikungondiyang'ana. Kupyola khumi, nthawi zina zotsala zikuchuluka. Msana. Melvin wadutsa, manja m'thumba. "Zikuyenda, mdala?" Ndati zikuyenda. Ine kumupempha nzeru mwana amene ndinamugulitsira mbuzi kuti aphunzire? Ayi.

Lamulungu, 12

Potuluka m'tchalitchi, aphunzitsi a Iness andifunsa za maso ofiirawa. Ndawauza nambala. Akuti nambala zili ndi mitundu: zina zimagawika pawiri, zina ayi, koma iyi ndi ya mtundu wouma mtima, amaitcha pulaimu. Kaya atenge zonse munthu mmodzi, kaya anthu 7,561 aliyense yake. Njira ina palibe, ngakhale nditayala nyemba mpaka kukolola.

Kenako, motsitsa mawu: "Agogo, a Melvin anabwera kudzandifunsa nambala yotere. Ndinkayesa ndi ya mayeso."

Lolemba, 13

Ndayenda mpaka kwa alangizi a zaulimi, amene akuyendetsa za mbandezi. Mbande ndi 7,560. Iyo imagawika pawiri, pasanu, pakhumi, bwinobwino ngati nzimbe. Lamulo loti pasatsale kanthu iwo sakulidziwa. Chimene abungwe ananena n'chakuti wapampando wodziwa masamu angathandize.

Imodzi. Melvin anangowonjezera imodzi. Akanabwera n'kunena kuti bambo mwakula, tulani udindo. Ndikanakana, inde, ndikanamutukwana. Koma akananena.

Lachiwiri, 14

Anthu ambiri. Melvin waimirira: "Wapampando atiuze yankho." Ndaimirira nanenso, zonse zili pakamwa. Ndamuwona akumeza mate ngati tsiku lija anaswa nkhali ali mwana. Ndikanena, amutcha wabodza mpaka imfa, ndipo dzina ndi langa lomwe.

Ndati ndalephera. Ine. Pamaso pa azimayi ndi adzukulu.

Amusankha Melvin kukhala wapampando. M'manja ndinawomba nawo.

Lachinayi, 16

Melvin wabwera ndi shuga ndi sopo. Ndatuma mayi ake akamuuze kuti ndinafika kwa alangizi Lolemba. Akuti wakhala pansi pakhonde, sakuchoka. Mvula yayamba. Mayi ake akundiyang'ana.

Akhale kaye.