Mbale Yakuda ya pa Shelefu ya Amalume

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko. Kodi chifuwa chija chinakusiya, kapena ukungochinyengerera monga mwa khalidwe lako? Nanga alamu anga ali bwanji, ndi kamtsikana kanu? Pachithunzi chija ndaona kuti katenga makutu ako, kosauka. Kuno tadzuka bwino. Amalume ali gwa, kungoti mawondo ayamba kuwavuta pokwera masitepe.

Uthenga wako wa pafoni ndinaumvera. Akuti Dona, msuweni wathu, anakuimbira akulira kuti ine ndikufuna kuvulaza bambo ake ndi mbale. Ndiye iwe, osayamba wafunsa mbali yanga, unangotsekula pakamwa n'kuyamba ulaliki. Pafoni umandidula mawu, n'chifukwa chake ndalemba kalata. Uwerenge mpaka kumapeto, pakamwa pali potseka.

Iwe unachoka ine ndi Dona titangoyamba kumene ku koleji yophunzitsa kuumba ndi kupanga ziwiya zagalasi, ndipo mpaka lero umaganiza kuti timangosewera ndi matope. Ndikuphunzitse chinthu chimodzi chokha cha ntchito yathu, chifukwa popanda chimenechi sumvetsa kanthu.

Galasi likachoka pang'anjo silinathe. Timaliika mu uvuni wina woziziritsira, kuti kutentha kutsike pang'onopang'ono. Chitseko cha uvuni umenewo sichitsekulidwa nthawi isanakwane, zivute zitani. Mphepo yozizira ikalowa, kunja kwa galasi kumalimba msanga m'kati mukadali motentha. Limatuluka looneka bwinobwino, losalala, koma lili ndi mkwiyo m'kati. Likhoza kukhala mwezi, likhoza kukhala chaka, kenako tsiku lina, popanda wolikhudza, limangoti thii!

Zimenezi amatiphunzitsa tisanagwire n'komwe paipi youzira galasi. Pachitseko pomwepo analembapo ndi penti yofiira. Palibe wophunzira amene sadziwa.

Chaka chomaliza aliyense amapanga chinthu chimodzi chachikulu chokaonetsa kwa oyesa mayeso. Ine ndinapanga nyali. Tsinde lake linali la dongo, ndinaliumba ndekha pagudumu loumbira, ndipo pamwamba pake panali galasi lochindikala lobiriwira, lopindika ngati tsamba la kabichi. Usaseke, inali yokongola. Manja angawa ali ndi zipsera chifukwa cha nyali imeneyo.

Tonse tinkadziwa kuti pa tsiku la mayeso kubwera mayi wina, mwini kampani yopanga nyali ndi ziwiya za m'mahotela, kudzasankha wophunzira mmodzi woti akamulembe ntchito. Mmodzi yekha. M'kalasi monse ankati malowo ndi anga, wachiwiri Dona ndi makapu ake.

Tsikulo oyesa anaima mozungulira tebulo langa. Mayi uja anawerama, magalasi ake ali pamphuno, n'kundiuza kuti ndiyatse. Ndinayatsa. Kuwala kunadzaza bwinobwino, ndinamva mmodzi wa aphunzitsi akupuma mokhutira. Babu litangoyamba kutentha, tinamva thii! Mng'alu unatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, chibenthu chinagwera pa nsapato ya mayi uja.

Mlongo wanga, ndinafuna pansi patatseguka. Mayiyo sanakalipe, anangochotsa phazi lake n'kunena kuti galasi losaziziritsidwa bwino silingalowe m'chipinda mogona alendo. Anapita pa tebulo la Dona.

Madzulo a tsiku lomwelo mnzathu wina wa m'kalasi, timamutcha Wamtali, anandikokera pambali. Anati tsiku limene nyali yanga inali mu uvuni, iye anabwerera m'chipindamo nthawi ya nkhomaliro kukatenga epuloni yake, n'kupeza Dona atavala magolovesi, chitseko cha uvuni chili pululu. Anati anaopa kunena chifukwa ankadziwa kuti ndife pachibale.

Aphunzitsi atamuitana, Dona sanakane. Anati anangosuzumira pang'ono kuti aone makapu ake, amene anali mu uvuni womwewo. Makapu opyapyala, oti mphepo siingawachite kanthu, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe. Aphunzitsi anamudzudzula chifukwa chophwanya lamulo, koma anati palibe angatsimikize kuti mng'alu unachokera pamenepo. Kampani inali itasankha kale. Ine anandiuza kuti ndibwereze chaka.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandiwawa chinachitikira kunyumba.

Amalume anatikhazika pabalaza tonse awiri. Dona, maso ali gwa, anauza bambo ake kuti kusuzumira pang'ono sikuchita kanthu pa galasi, aliyense wodziwa ntchito angavomereze. Anati nyali yanga inali yolakwika kale, ndinaichindikalitsa dala pofuna kudzionetsera. Amalume galasi amangolidziwa la pawindo ndi la tambula. Anamva mwana wawo, amene tsopano anali ndi ntchito, n'kutembenukira kwa ine.

Anati chiyambire kutilera mayi atamwalira sanayembekeze kuti m'nyumba mwawo mungamere nsanje yotere. Anati ndikalephera ndisamaloze anzanga chala. Kenako anandilamula kuti ndipepese kwa Dona, pomwepo, iwo akumva.

Ndinapepesa, mlongo wanga. Ine! Mawuwo anatuluka ngati ndikusanza. Dona anandigwira paphewa n'kunena kuti wandikhululukira. Dona yemweyo amene ndinkamukandira dongo chaka choyamba chifukwa ankaopa kuthyola zikhadabo.

Chaka chino ndakhala m'kalasi ndi ana amene ndinkawaonetsa kagwiridwe ka paipi. Amanditcha Mayi a Mng'alu. Amanena monong'ona, koma makutu anga ndi abwino, si ngati ako okula chabe. M'mawa uliwonse ndimakumana ndi Dona pa siteji ya basi, iye atatchena, kachikwama kali pamkono, ine ovololo ili m'jumbo. Amandifunsa mokoma kuti sukulu ikuyenda bwanji. Mxii!

Sindikubisira, mtima wanga unada. Ndinkapemphera kuti mkwiyo uchoke, koma ndikangoona chitseko cha uvuni chija unkabwerera wonse.

Tsono amalume atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, aliyense ankakonza mphatso. Ine ndinapempha aphunzitsi malo pang'anjo. Ndinapanga mbale yaikulu, yolemera, yochindikala kuposa nyali ija, ya galasi lakuda bii. Ukaiyang'ana umadziona nkhope, koma kuwala sikudutsa. Mtundu umenewo ndinausankha dala, uona chifukwa chake.

Tsiku la phwando nyumba inadzaza, anzawo a kuntchito, a kutchalitchi, aneba. Nditavundukula mbaleyo anthu anati haa! Amalume anainyamula ndi manja awiri, anaitembenuza, n'kufunsa kawiri ngati ndinapangadi ndekha. Anachotsa wailesi pa shelefu ija ili pamwamba pa mpando wawo, mpando uja amawerengerapo nyuzi ndi kuwodzerapo masana, n'kukhazikapo mbaleyo.

Pamenepo ndinalankhula mokweza, ndikumwetulira, kuti aliyense amve. Ndinati mbaleyi inandisangalatsa kwambiri moti ndinalephera kudikira, ndinatsekula uvuni n'kusuzumira pang'ono isanazizire. Ndinati poyamba ndinkaopa, koma Dona anatiphunzitsa tonse kuti kusuzumira sikuchita kanthu. Ndinatembenuka n'kumufunsa kuti si choncho, msuweni?

Ukanamuona! Anayang'ana mbale, anayang'ana dazi la bambo ake pansi pake, anayang'ana ine. Amalume anamuyankhira okha, anati katswiri ananena kale, nkhani imeneyo inatha. Dona anangogwedeza mutu movomereza.

Chiyambire tsiku limenelo mtsikanayo alibe mtendere. Kuntchito kwawo kuli nyali yapadera yoyezera galasi. Ukaunika nayo, galasi lokhala ndi mkwiyo m'kati limaonetsa mizere yamitundumitundu. Anaibwereka n'kubwera nayo kunyumba bambo ake atachoka. Anaunika kutsogolo, anaunika kumbuyo, osaona kanthu. Galasi lakuda silidutsa kuwala. Mayi ake anandifotokozera okha, akudabwa kuti mwana wawo wayamba kuunika mbale dzuwa likuswa mtengo.

Kenako Dona anauza bambo ake kuti mbaleyo ingaoneke bwino m'kabati. Amalume anakana, anati mphatso yotere siibisidwa ngati mankhwala a makoswe. Anasuntha mpando, amalume anaubwezera, ati kuwala kwa pawindo kumafika pomwepo. Anayamba kufuna kupukuta fumbi pa shelefu, iye amene chibadwire sanagwirepo kansalu kopukutira. Mayi ake anamumenya pamanja, anati ndi zala zakezo aigwetsa, ndipo bambo ake sadzamukhululukira.

Amalume nawo tsopano mlendo aliyense akalowa amayamba amuonetsa mbale. Amati yapangidwa ndi mwana wa mchemwali wawo, mmisiri weniweni. Tsiku loyamba kumva mawu amenewo ndinathawira kubafa kukalira. Koma mtima sunatsike, chifukwa m'mutu mwawo ine ndikadali wansanje uja amene anapepesa.

Sabata yatha Dona anabwera ku koleji. Anandipeza pagudumu ndikuumba, dongo lili mpaka m'zigongono. Waonda, m'maso mwagwa. Anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti chonde ndikachotse mbale ija. Anati bambo ake amagona pansi pake tsiku ndi tsiku, ndipo iye akakhala kuntchito foni ikalira mtima umangoti phaa.

Ndinamufunsa kuti akuopa chiyani, popeza kusuzumira sikuchita kanthu.

Anayamba kulira. Anati ndikudziwa bwino chimene akuopa. Anati tsiku lija sanafune kuti nyali isweke pamaso pa anthu, ankangofuna ituluke ndi kachilema. Anati anatopa ndi kumva bambo ake akunena za manja anga patebulo, iye ali pomwepo.

Ndinaimitsa gudumu. Ndinamuuza kuti mawu amenewa si anga, eni ake ndi amalume. Akawauze pabalaza pomwe paja, ine ndili pomwepo, mmene ndinapepesera. Akatero, mbale ndikaitsitsa ndekha tsiku lomwelo.

Anati sangathe. Anati bambo ake sadzamuyang'ananso kumaso, ndipo nkhani ikafika kuntchito zake zada. Ndinayambitsanso gudumu langa. Pochoka pamenepo ndi pomwe anakuimbira iwe.

Waona tsono? Akukhulupirira kuti chigalasi cholemera chikhoza kuphulikira pamutu pa bambo ake, njira yowapulumutsira ili m'kamwa mwake, koma wasankha kusunga nkhope yake. Ndiye woipa ndine?

Tsopano ndikuyankhe za mlandu woti ndikufuna kuvulaza amalume, ndipo ndikuuza iwe wekha. Amalume anatilera, anandisambitsa ndili ndi chikuku, sindingawaikire ngozi pamutu. Uvuni uja sindinatsekule. Ndinanama. Ndinamanga chitseko ndi waya, ndinakhala pambali pake ngati mlonda, ngakhale nkhomaliro ndinkadyera pomwepo. Nditapanga mbaleyo ndinapanganso kambale kena ka galasi loyera, kochindikala mofanana, n'kuziziritsa zonse pamodzi. Koyerako tinakayeza ndi aphunzitsi, kanalibe mzere ngakhale umodzi. Chiyambire sindinapangepo chinthu cholimba ngati mbale imeneyo.

Mbale ija sidzasweka, mlongo wanga, ndipo chilango cha Dona n'chimenecho. Ikanasweka, akanalira tsiku limodzi n'kupuma. Koma idzakhala pa shelefupo chaka chino, chaka chamawa, mpaka Dona adzachite imvi akudikira. Amene angamumasule ndi iye mwini.

Udziwa kale chimene ndikupempha. Pakamwa pako ndimapadziwa, umamva chisoni msanga munthu akakulirira. Ukamuuza zimene ndalembazi, udziwe kuti kuno mlongo ulibe, ndipo sindikuseka. Pamene ndinkapepesa tchimo la mwini wake iwe unali kutali, sunandithandize, ndipo sindikukuimba mlandu. Panopa ndikungopempha kuti ukhale chete. Akakuimbiranso, umuuze kuti unandifunsa ndipo ine ndinangoseka.

Ukhoza kunditcha wouma mtima. Mwina ndaumadi. Chaka changa sichidzabwerera, ntchito ija sidzabwerera, koma dzina langa m'nyumba ya amalume ndikulifuna, ndipo alibweza ndi pakamwa pake.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti makapu awo ndaumba kale, angotsala kuwotcha. Kamtsikanako ukapsompsone m'malo mwanga. Ambuye akusungeni nonse, akupatseni thanzi, ndipo iwe umwe mankhwala a chifuwawo.

Za moni wako kwa Dona usadandaule, ndimupatsira ndekha Lamlungu, tikukadya kwa amalume. Masiku ano ndimakhala moyang'anana naye patebulo. Supuni ikangogwa pansi amadumpha, ndipo ine chakudya chimandikomera.

Ndine mlongo wako,
Mayi a Mng'alu