Zala zanga zakuda m'nyengo ya chiperoni

Lolemba, 3 Juni
Chiperoni tsiku lonse, phiri osaoneka. Masitiroberi anga madengu awiri m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri, ogula palibe. Bala la botolo kuphaziku latupa, likutentha. Amuna anga a Idrissa: "Make Nadia, tiyeni kuchipatala." Ndati mawa.

Lachitatu, 5 Juni
Mabulangete atatu, kuzizidwabe. Masana ndaona mitengo ya paini ikutsika phiri pamzere ngati ana a sukulu. Ndaipatsa moni.

Lachinayi, 6 Juni
Chipatala. Si malungo. Adokotala akuti tizilombo ta pabala talowa m'magazi. Diripi. Miyendo yonse madontho ofiirira, ngati ndakhalira zipatso. Pomwe abaya jakisoni magazi osaleka. Kwina akuundana, kwina akungotuluka. Magazi anga omwe, azungulira mutu.

Lachitatu, 19 Juni
Masiku khumi ndi awiri sindikuwadziwa. Akuti ndinkaitana malemu mayi anga. Ine ndikukumbuka madzi okha. Ndili pansi pa damu la Mulunguzi, kuli zii, kuwala kobiriwira, mawu a anthu kumtunda kutali. Kunali kokoma. Sindinkafuna kubwerako. Izi sindiuza munthu.

Akuti Nadia, mwana wanga woopa ngakhale singano yosokera, anandipatsa magazi ake.

Loweruka, 22 Juni
Zala za kuphazi lamanzere zada bii, zauma ngati nthochi zoiwalika padenga. Sizipweteka n'komwe. Magazi anaundana m'timitsempha, njira n'kutsekeka. Anesi, akundikonzera bulangete: "Amayi, zala zipite, inu mutsale." Adokotala adzazidula Lachiwiri.

Ndaziyang'ana masana onse. Zala izi zinakwera phiri zaka makumi awiri, dengu lili pamutu. Sindinazithokozepo.

Lamulungu, 14 Julayi
Kwathu ku Sadzi. Zala zinayi zinatsala kuchipatala.

M'mawa ndaimirira ndekha. Nthaka kugwedezeka, nkhungu ili pabwalo, ine ngati ndikuyenda m'tulo. Kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa mapeyala, mapazi khumi ndi anayi. A Idrissa pambuyo, atatambasula manja ngati akukusa nkhuku, osandikhudza.

Nditagwira mtengo ndatembenuka kuti ndiwaseke. Bambo wamkulu wandevu zaimvi, kofia ili m'manja, misozi chuchuchu.

Ndawauza akatenge mpando. Atafika pakhonde ndawakuwira kuti atenge iwiri.