Nsomba za Ukwati Wanu Zapulumuka

Kumunsi kwa Chambe,
Mulanje.
Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Hopewell,

Choyamba ndifunse za moyo wanu ku Mzuzu kumeneko. Muli bwanji? Nanga chifuwa chija munkadandaula chinatha? Kuno tonse tilipo. Amayi bondo lija limawavutabe kukazizira, koma akuyenda. Ine ndili bwino, kusukulu tayamba kukonzekera mayeso.

Nkhani yomwe ndili nayo ndi yayitali, nde chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Ndiyambe ndi zabwino. Nsomba za ukwati wanu zilipo, zili moyo, zikudya. Koma sabata yatha zinatsala pang'ono kutha dziwe lonse.

Chiperoni cha chaka chino chinabwera ngati chasamukira konkuno. Phiri osaoneka, dzuwa osatuluka, kamvula kuwaza basi. Yunifolomu yanga inachita kununkha chinyezi ili pa chingwe.

Ine ndinkachita momwe munandiphunzitsira, kulowetsa mkono m'dziwe mpaka pachigongono, ndikapanda kuona chikhatho nde kuti ndere zili bwino. Tsiku lina ndinalowetsa, ndinaona chikhatho changa mpaka ndi mizere yake yomwe. Kubiriwira kuja kunali kukutha. Amayi anati zili bwino, madzi ayera, nsomba nazo zisambe. Ine ndinaganiza kuti ndere zili ndi njala, nde ndinawonjezera zitosi za nkhuku m'thumba lija la pakona, gaganso ndinathira wambiri. Apo ndinaphonya.

M'mawa mwake, achimwene, ndinalawirira ku dziwe. Madzi anali ofiirira ngati tiyi wogona. Ndere zakufa zinali zitayandama pamwamba, zakuda, fungo lake ngati dzira lovunda. Makumba onse, nsomba zanu zija, anali pamwamba, akungoyasamula. Ena atayamba kale kugona chammbali.

Ndinatenga foni ya amayi n'kuimbira alangizi a Lenard, aja anakupezerani ana a nsomba. Anali ku Boma ku msonkhano. Anati ndere zikasowa dzuwa zimafa, zikafa zimaola, ndipo kuolako kumamaliza mpweya m'madzi. Zitosi zanga zija zinangowonjezera vuto. Anati ndichotse thumba, ndisaponyenso gaga ngakhale wa m'manja, tiwengule zakufazo, titakase madzi ndi ndowa. Koma anati chachikulu ndi madzi atsopano, alowe pompano, osati masana.

Madzi atsopano, achimwene. Mukudziwa komwe amadzera. Ngalande yathu imadutsa m'dimba la amayi aang'ono a Agnes, ndipo anaitseka ndi miyala ndi thunthu la nthochi. Chiyambire tsiku lija madzi anu anasefukira n'kukokolola tomato wawo, inu n'kunena pamaso pa anthu kuti asadzaponde pa ukwati wanu, iwo ndi amayi salankhulana. Anthu obadwa mimba imodzi, koma pa mjigo amangodutsana ngati alendo.

Ndinapempha amayi kuti apite akawapemphe. Anati wamng'ono ndi amene amapita kwa wamkulu, bola nsombazo zife. Akunena choncho uku akukwinya chitenje, n'kulowa m'dziwe ndi bondo lawolo, kuyamba kutunga madzi ndi kuwakhuthulira momwemo. Ndinaona kuti ndowa imodzi siingathandize.

Nde ndinapita ine. Inu mukundidziwa, ngakhale kutchalitchi akati ndiwerenge vesi ndimabisala kumbuyo kwa kwaya.

Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Ndinagwada, ndinapereka moni, kenako n'kumangoyang'ana mpeni wawo ukusenda. Anandifunsa ngati kwagwa maliro kapena ndabwera kudzaonerera m'mene amasendera. Ndinati nsomba zikufa. Anati nsomba za ndani. Ndinati za ukwati. Anaseka, anati ukwati uti, womwe uja iwo anauletsedwa? Anati mwana amene ankamubereka kumsana amayi ake ali kotchola tiyi, mwana amene anawakodzera zitenje zonse, lero wamera ndevu akuti asadzaponde. Anati nanga nsomba zake zipuma bwanji madzi a munthu woletsedwa, sizitsamwa? Kenako anapitiriza m'Chilomwe, ndipo zimenezo sindilemba.

Apa ndi pamene pali nkhani, achimwene.

Ine m'mutu munangodzaza makumba aja akuyasamula. Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti inu munandituma kalekale kudzawaitana ku ukwati. Ndinati munanena kuti nsomba zimenezi asadzakazinge wina aliyense koma iwo, poti m'mudzi muno mulibe wokazinga ngati a Agnes. Ndinati uthengawo unachedwa chifukwa cha manyazi anga.

Simunanditume. Ndikudziwa. Bodzalo ndi langa ndekha.

Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana nthawi yayitali. Ine maso pansi. Kenako anafunsa ngati za kukazingazo munanenadi ndi pakamwa panu. Ndinati eya. Anati mwana ameneyu ndi wamwano, koma ndiwo zokoma amazidziwa. Anadzuka, anamanga chitenje, anatenga khasu.

Miyala ija anachotsa okha, ine ndinangokoka thunthu la nthochi. Madzi a m'phiri, ozizira ngati a mu fuliji, anatsika m'ngalande akukankha masamba. Ine ndinathamangira kumunsi kukatsegula paipi kuti oipawo azituluka.

A Agnes atafika pa dziwe anapeza amayi ali m'madzi mpaka m'mawondo, milomo ikunjenjemera. Mukudziwa mawu oyamba omwe anawauza patatha nthawi yonseyi? Anati akulu atuluke m'madzimo, kapena akufuna pa ukwati adzavine ali pa wilibala. Amayi anayankha kuti munthu amene wakhalira madzi chaka chonse ngati nkhuku pa mazira asawaphunzitse za madzi. Koma anatuluka, ndipo ndowa ija anapatsira mng'ono wawo.

Kuyambira apo kunali kukalipirana kokhakokha, uku akuwengula ndere ndi neti yakale ya udzudzu, wina wagwira uku wina uko. Uyu akuti ukukoka mokhota, uyo akuti wokhota ndiwe chibadwire. Ine ndinkangotaya zowengulazo m'nthochi, ndikudziletsa kuseka.

Cha kumasana nsomba zinayamba kusowa pamwamba. Ndinachita mantha kuti zamira zafa, ndinaimbiranso a Lenard. Anaseka, anati nsomba ikapeza mpweya imabwerera pansi, ukapanda kuiona nde kuti ili bwino. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa ndipo ndinalira, sindibisa. Amayi aang'ono anati ndisunge misozi ya tsiku la ukwati.

Zomwe zinafa ndi zochepa, sizinadzaze n'kabeseni kosambira m'manja komwe. Tinazikwirira. Zazikulu zija mumazinyadira zilipo.

Dzuwa linatuluka Lamlungu. Kubiriwira kwayamba kubwerera pang'onopang'ono. A Lenard anabwera kudzaona, anati zitosi ndidikire kaye, gaga ndiziwaza pang'ono, ndipo chiperoni chikadzabweranso ndizichepetsa chakudya osati kuwonjezera. Ngalande ndi yotsegula. A Agnes amabwera okha m'mawa kudzaiyang'ana, amati akuona nsomba zawo.

Tsopano vuto ndi ili. Mudzi wonse wamva kuti mwawaitana. A Agnes apita kale ku msika wa Chonde, agula chitenje cha ukwati, akaonananso ndi amayi awo a mkwatibwi wanu, alamu a Sharon. Chiwaya chachikulu abwereka kale, ukwati uli mwezi wamawa. Tsiku lililonse amandifunsa kuti bwanji mwana wawo sakuwaimbira. Ndinati ku Mzuzu netiweki imavuta. Dzulo anati nanga amayi mumawaimbira ndi netiweki ya kuti.

Amayi sindinawanamize. Tikutsuka mbale anandifunsa chapansipansi kuti kodi Hopewell anandituma liti. Ine ndinangoyang'ana mbale. Kenako anati ndikulembereni msanga musanamve kwa ena. Sanakalipe. Madzulo amenewo ndinawaona akutumiza mwana wina kukasiya mbale ya nyemba za kalongonda kwa mng'ono wawo.

Nde ndikupempha, achimwene. Ngati mukufuna kukalipa, kalipirani ine, ndilandira. Koma amayi aang'ono muwaimbire. Simukusowa mawu ambiri. Mungowapatsa moni, n'kuwauza kuti nsomba zikuwadikira, zotsalazo alankhula okha, mukuwadziwa. Mukakana, ngalande itsekedwanso, ndipo amayi ataya mng'ono wawo kachiwiri. Ine kukawauza kuti ndinanama sindingathe. Ndayesa kuganiza, sindingathe.

Nambala yawo ndalemba kuseri kwa pepalali. Muimbe dzuwa likapendeka, akakhala atabwerako ku dimba. Foni yawo amaisiya m'nyumba, nde ikapanda kuyankhidwa muyesenso.

Amayi akuti moni, akuti muzivala juzi. Mundiperekere moni kwa a Kingstone omwe mukugona nawo nyumba imodzi, ndi kwa onse a kuntchito kwanu. Mulungu akusungeni, akufewetseninso mtima musanafike pa nambalayo.

Ndine mlongo wanu,
Joice