Phunziro Lomaliza la Bambo Ako

Morioka,
9 Malichi

Wokondedwa mwana wanga Chizuru,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Daniel ndi kamdzukulu kanga Mio. Chifuwa chija chinamusiya? Ine ndilipo, kungoti mawondo sakugwirizana ndi chisanu cha chaka chino.

Pa foni sindinathe kukufotokozera bwino, iwenso sunafunse zambiri. Uthenga wa bambo ako unandipeza ndikuchotsa chipale chofewa pakhomo. Anaimba ndi mlembi wa ku koleji, nati aphunzitsi agwa pamakwerero a laibulale, ndifulumire. Ndinayamba ndabwezera fosholo pamalo pake n'kuzimitsa mbaula, ngati munthu wopita kukagula ndiwo. Pofika kuchipatala ndinapeza atawaphimba kale kansalu koyera kumaso. Choko chinali chikadali m'zikhadabo zawo.

Kumaliro sunabwere. Ofunsa ndinkangowauza kuti ku Perth n'kutali. Sindikulemba kuti ndikudzudzule.

Ukudziwa kuti mphunzitsi akamapuma ntchito amapereka phunziro lomaliza, ophunzira ake akale n'kubwera ndi maluwa. La bambo ako linali Loweruka lapitali. Akuluakulu a koleji anafuna kulithetsa, koma ophunzira anakana. Anandipempha kuti ndikalandire maluwawo m'malo mwawo.

Holo inadzaza, ena imvi mbuu, ena ana a chaka choyamba. Bambo ako aphunzitsa filosofi pakoleji kakang'ono kameneka zaka zoposa makumi atatu, koma amene anatsata ntchito yawo sakwana zala za dzanja limodzi. Ndinaona anamwino, wapolisi, wansembe wa kukachisi, ndi mayi wina wamawu aakulu, a Hoshino, amene amayendetsa basi ku Sendai.

Mkulu wa koleji anafunsa ngati malemu anasiya mapepala a phunzirolo kuti wina awerenge. Holo yonse inafa ndi phwete. Mayi Hoshino anakuwa ali kumbuyo kuti mapepala ake ati, nkhalamba ija inkadya za koleji n'kukhala chete basi! Wansembe uja anatembenuka nati koma inu sankakukhalirani chete, ankakulalikirani mpaka belu. Mayiwo anati n'zoona, adazi inu, ine ndinali mbuli ya kalasi, koma inu munkachita kuliza mkonono.

Pa nthawi ya tiyi ndinawafunsa mayi Hoshino chimene anthu amaseka. Akuti bambo ako ankalemba funso limodzi pabolodi n'kukhala pansi. Wophunzira akayankha zopanda mutu, ankaimirira n'kulankhula nthawi yaitali, mofatsa, kumubweza pang'onopang'ono. Koma akanena chinthu chimene wachiganizira yekha mpaka kumizu, ankangomufunsa kafunso kamodzi, n'kuyang'ana pawindo, osanenanso kanthu. Ophunzira ankalimbirana kukhaliridwa chete kumeneko kuposa malikisi. Mayi Hoshino akuti kunawagwera kamodzi kokha, tsiku limene anakanena kuti ntchito ya muofesi imene makolo awasankhira sakuifuna, akufuna mabasi. Akuti anatsika makwerero akuvina.

Chizuru, ndinaika kapu pansi.

Ndinakumbukira madzulo aja unagwada pamaso pa bambo ako, n'kuwauza kuti ukukwatiwa ndipo ukusamukira kutsidya la nyanja. Anakufunsa kuti kodi kwawo kwa munthu n'kuti, kenaka anatembenukira kumunda. Unadikira, iwo duu. Unandipeza kukhitchini n'kunena kuti ngakhale galu amamuyankha akauwa. Inenso ndinaona ngati akana. Nditawafunsa mawa lake anadabwa, nati mwanayo waganiza bwino, ine ndiwonjezepo chiyani? Ndinakuuza mawu amenewa, iwe unati ndikuwaikira kumbuyo. Kunena zoona, nanenso ndinkayesa akungozemba. Zatengera woyendetsa basi kuti ndiwakhulupirire.

Sindikuti anachita bwino. Mwana si wophunzira, ndipo pabalaza si m'kalasi. Mabuku awo ambiri ndawerenga, a anzeru akale a ku China ndi a ku Girisi omwe, koma sindinapezemo woletsa bambo kunena kuti pita bwino mwana wanga. Akanatha kukulembera. M'malo mwake zaka zonsezi ankadikira kuti uyambe ndiwe kulankhula, monga ankachitira ndi ana a eni. Iwenso makani unatengera iwo omwewo.

Tsopano pempho langa ndi ili. Masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi chimwalirireni bambo ako akukwana pa 18 mwezi uno, tsiku loti mafupa awo, amene tinabwera nawo kunyumba m'bokosi loyera titawotcha mtembo mwa mwambo wathu, akalowe m'manda a makolo kukachisi. Bambo ako aakulu a Noboru anabwera dzulo kudzanena kuti zonse zakonzeka. Ndinawauza kuti mapemphero achitike, koma mafupa sachoka m'nyumba muno Chizuru asanafike. Anati alamu, mutu ukuyenda bwino? Mng'ono wanga azikhala pathebulo ngati mtsuko wa shuga mpaka liti, chifukwa cha mwana amene sanaoneke ndi kumaliro komwe? Ndinati mpaka abwere. Anavala nsapato n'kuchoka, tiyi osamwa. Chikwatiwire changa m'banja lino sindinawatsutsepo, ndipo mwezi wa mawa adzabweranso ndi abale ena. Sindidziwa kuti ndekha ndilimba mpaka pati.

Sindikukupempha kuti uwakhululukire bambo ako. Bwera udzawakalipire ngati ukufuna, udzakhuthule zonse zimene wasunga. Koma udzazinene akadali m'nyumba mwawo, mwala usanawatsekere. Ubwere ndi Mio, adzaone pamene agogo ake ankakhala.

Undiperekere moni kwa a Daniel ndi makolo awo. Mio umuuze kuti agogo akumulukira juzi yofiira, ngakhale ndikumva kuti kwanuko kukutentha. Makolo athu akusungeni nonse, ndipo njira ikhale yoyera ukadzanyamuka.

Ofesi yawo ku koleji ndakhuthula, makiyi ndabweza. Muno mwatsala ine, maluwa a Loweruka amene ayamba kufota, ndi bokosi loyera pathebulo la pabalaza.

Ndine mayi ako,
Sumie